Chikuto Chinena Zina, Chimbale Chionetsa Zina

Zimbale za DVD zinayamba kugulitsidwa ku Japan mu Novembala 1996, ndipo ku America zinafika mu Malichi 1997. Anthu amene anazolowera kaseti ya VHS, ija inkatafunidwa ndi makina komanso kufuna kuibweza kumbuyo ukatha kuonera, anaona kusiyana tsiku loyamba lomwe. Chithunzi chinali chosalala, mawu omveka bwino, ndipo chimbale sichinkatha ndi kuonera pafupipafupi. Kuyambira pamenepo m'mitu mwa ogula munakhazikika maganizo akuti chilichonse chili pa DVD n'chooneka bwino. Amalonda ena sanachedwe kuona kuti pa maganizo amenewa pali ndalama, ndipo amene anagwiritsidwa fuwa la moto kwambiri ndi okonda mafilimu akale.

Chimbale sichikonza chithunzi, chimangosunga chimene chapatsidwa. M'mayiko otsatira njira ya PAL, monga Britain, South Africa ndi kuno ku Malawi, chithunzi cha DVD chimakhala ndi timadontho 720 mopingasa ndi 576 motsika. Timadontho timeneti n'tokwanira kuonetsa nkhope ya munthu bwinobwino mpaka makwinya a pachipumi. Koma mukathiramo chithunzi chochokera pa tepi yotha, timadontho tomweto tidzasunga kutha kwa tepiyo mosaphonya. Choncho pa filimu yakale funso lalikulu ndi limodzi: kope limene anatengapo chimbalechi linachokera kuti? Zikuto zambiri zimayankha zina zonse, koma apa zimangoti zii.

Kuchoka mu kamera kufika pa chimbale

Mafilimu ambiri a zaka za m'ma 1900 ankajambulidwa pa mipukutu ya mamilimita 35 m'lifupi. Mpukutu umene unali mu kamera tsiku lojambula, wotchedwa negetivu, ndiwo uli ndi zonse zimene kamerayo inaona. Popeza ndi umodzi wokha, makampani osamala sankafuna kuupera. Ankatengapo kope limodzi, pa kopelo n'kupanga negetivu ina, ndipo pa iyo ndi pamene ankasindikiza makope ochuluka opita m'nyumba zoonetsera kanema. Kumeneko kope linkazunguliridwa m'makina kangapo patsiku, n'kumakandika, kuduka, n'kulumikizidwa popanda tizidutswa tina. Mawailesi a kanema, masukulu ndi magulu oyenda ndi kanema m'midzi ankapatsidwa makope ang'onoang'ono a mamilimita 16. Kenako kunabwera tepi, ndipo matepi ambiri anatengedwa pa makope ang'onoang'ono omwewo.

Aliyense amene anapangitsapo fotokope ya pepala lomwe linali kale fotokope amadziwa zimene zimachitika: zilembo zimanenepa, mizere yopyapyala imasowa, pamene panali potuwa pamada bii. Ndi mmenenso zimakhalira ndi filimu. Chimbale chotchipa kawirikawiri chimakhala chomaliza pa mzere wautaliwu, ndiye usiku wa mufilimu umasanduka mdima wopanda kanthu, malaya oyera amasanduka chigamba chowala, ndipo mawu amamveka molira mluzu.

Nthawi nayo imadya mipukutu. Mpaka cha m'ma 1951 mafilimu ankasindikizidwa pa nitrate, imene imagwira moto msanga ndipo ikayaka imapitiriza kuyaka ngakhale m'madzi. Mu Julayi 1937 nyumba yosungiramo mafilimu a kampani ya Fox ku Little Ferry, m'dera la New Jersey, inapsa pamodzi ndi mafilimu ambiri opanda mawu a kampaniyo. Kafukufuku amene Library of Congress inatulutsa mu 2013 anapeza kuti pa mafilimu aatali opanda mawu pafupifupi 11,000 amene anapangidwa ku America kuyambira 1912 mpaka 1929, 70 pa 100 alionse anatayika kotheratu. Mipukutu ya acetate imene inalowa m'malo mwa nitrate siyaka choncho, koma ikasungidwa potentha ndi ponyowa imayamba kununkha viniga, kufota ndi kupindika. Ndiye pali vuto la mitundu. Eastmancolor, imene inabwera mu 1950, inali yotchipa ndi yosavuta, koma utoto wake wina unkasuluka msanga kuposa unzake, moti patapita zaka thambo, udzu ndi nkhope zonse zinkasanduka zofiirira. Wopanga mafilimu Martin Scorsese anayamba kudandaula poyera za vutoli mu 1980, ndipo mu 1990 anakhazikitsa bungwe la The Film Foundation lopulumutsa mafilimu.

Zimenezi zikutanthauza kuti nthawi zina kope loipa ndi lokhalo limene latsala padziko. Kugulitsa kope loterolo si mlandu, ndipo ndi bwino kuti anthu alione kusiyana ndi kuti lizingowola m'chitini. Mlandu umayamba pamene wogulitsa wabisa, makamaka pamene kope labwino lilipo koma iye sanafune kulipira.

Filimu yopanda mwini

Chifukwa chimene zimbale zoipa zinachulukira chili m'malamulo a umwini a ku America. Lamulo la mu 1909 linkafuna zinthu ziwiri. Filimu inkayenera kukhala ndi chizindikiro cha umwini cholembedwa pa filimu yomweyo, ndipo chitetezocho chinkatha pakapita zaka 28 ngati mwini sanakalembetsenso. Kuphonya chimodzi mwa ziwirizi kunkachititsa kuti filimuyo ikhale ya aliyense. Zoti pakhale chizindikiro zinasiya kukakamizidwa mu 1989, koma mafilimu a ku America amene anali atagwa kale m'dzenjemo sanatulukemo.

Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya Night of the Living Dead, filimu yoopsa imene George A. Romero ndi anzake anajambula kufupi ndi Pittsburgh ndi ndalama zochepa, n'kuitulutsa mu 1968. Poyamba inali ndi dzina lina, Night of the Flesh Eaters, ndipo chizindikiro cha umwini chinali pa chithunzi chimene panalembedwa dzinalo. Kampani yofalitsa, Walter Reade Organization, itasintha dzina, inachotsa chithunzi chakalecho ndipo pa chatsopano chizindikiro sichinaikidwepo. Kuyambira tsiku limene inaonetsedwa, aliyense wokhala ndi kope ankatha kuichulukitsa ndi kuigulitsa osapereka kalikonse kwa amene anaivutikira. Inatuluka pa matepi ndi pa zimbale za makampani osawerengeka, ina yopakidwa mitundu, ina yodulidwa, yambiri yakuda moti Duane Jones, amene ndi mwini nkhani mufilimuyo, nkhope yake inkasowa mumdima wa m'nyumba imene anthu abisalamo. Kwa zaka zambiri oonera ankaganiza kuti ndi mmene filimu ya anthu osauka imaonekera. Mu 2016 Museum of Modern Art ya ku New York, mothandizidwa ndi The Film Foundation, inaikonzanso kuchokera pa negetivu yeniyeni, Romero akadali moyo n'kumayang'anira ntchitoyo. Apa m'pamene zinaoneka kuti mithunzi ija inali yoikidwa mwaluso ndi mwadala, ndipo mdima wophimba nkhope unali wa makope otha.

Charade ya mu 1963, ya Cary Grant ndi Audrey Hepburn, inagwa m'dzenje lomwelo chifukwa cholembedwa cha umwini chinali chosakwanira. His Girl Friday ya mu 1940 ndi McLintock! ya John Wayne ya mu 1963 sanazilembetsenso zaka 28 zitakwana. Filimu ikafika pamenepa pamachitika chinthu chomvetsa chisoni. Amene ali ndi negetivu amazengereza kuwononga ndalama zambiri poikonza, podziwa kuti pashelefu idzapikisana ndi zimbale khumi za dzina lomwelo zogulitsidwa pamtengo wa dola imodzi. Wogula naye sangasiyanitse, chifukwa zonse zakutidwa mu pulasitiki ndipo zonse zikudzitama mofanana.

Mawu amene amadzitama nawo kwambiri ndi akuti "digitally remastered". Wogula akawerenga amaganiza kuti akatswiri akhala pansi n'kutsuka chithunzi chilichonse. Koma chilichonse chopita pa DVD chimayenera kusandutsidwa manambala a kompyuta, choncho ngakhale amene wangolumikiza makina a VHS ku kompyuta n'kukopera tepi yobwereka atha kulemba mawuwa osaopa kutsutsidwa. Chithunzi cha pachikuto nachonso sichitengedwa mufilimu. Makampani a kale ankakhala ndi wojambula zithunzi zotsatsira malonda, wa kamera yake yapadera, ndipo zithunzi zakezo n'zakuthwa mpaka lero. Ena amazipaka mitundu pomwe filimu ili m'katimo ndi yakuda ndi yoyera, n'kulemba zoona zake m'tizilembo tating'ono kuseri, pansi penipeni.

Nkhope yogulitsira

Chinyengo chachiwiri ndi cha nkhope. The Little Shop of Horrors, imene Roger Corman anapanga mu 1960, nayonso ilibe mwini ku America. Jack Nicholson, ali mnyamata wosadziwika, amaonekamo mphindi zochepa ngati wodwala wobwera kwa dokotala wa mano. Atatchuka, zikuto zambiri za filimuyi zinaika dzina lake pamwamba ndi nkhope yake yodzaza chikuto chonse, pamene eni nkhani enieni sakuoneka n'komwe. Mafilimu otchipa a anyamata oweta ng'ombe amene John Wayne anapanga pakati pa 1933 ndi 1935 nawonso amapezeka ndi chithunzi cha John Wayne wachikulire wa m'zaka za kutchuka kwake.

Palibe amene nkhope yake anaidyera masuku pamutu kuposa Bruce Lee, ndipo apa nkhaniyi ikutikhudza ife mwachindunji. Dziko la Malawi linalibe wailesi ya kanema yakeyake mpaka 1999, ndipo ambiri anadziwira kanema m'mavidiyo sho, mmene mafilimu a karate ankadzaza mabenchi. Bruce Lee anamwalira pa 20 Julayi 1973 ali ndi zaka 32. Mafilimu a nkhonya amene anamaliza ali mwini nkhani ndi anayi okha: The Big Boss ya mu 1971, Fist of Fury ndi The Way of the Dragon za mu 1972, ndi Enter the Dragon ya mu 1973. Komabe amene anakulira m'mavidiyo sho angalumbire kuti anaonera mafilimu a Bruce Lee makumi angapo. Chimene chinachitika n'chakuti atangomwalira, opanga mafilimu ku Hong Kong, Taiwan ndi South Korea anasaka anyamata ofanana naye, n'kuwameta ngati iye, kuwaveka magalasi akuda, ndi kuwapatsa mayina ngati Bruce Li, Bruce Le ndi Dragon Lee. Ena mwa iwo anali akatswiri ndithu pa masewerawo, koma pa tepi ndi pa chimbale kawirikawiri pankaikidwa nkhope ya malemuyo. Ngakhale Game of Death, imene inatuluka mu 1978 pansi pa dzina lake lenileni, ili ndi mphindi pafupifupi 11 zokha za zimene iye anajambula pokonza filimuyo. Kwina konseko ndi anthu ena obisa nkhope, tizidutswa ta mafilimu ake akale, ndi zithunzi za maliro ake enieni. Kuika maliro a munthu mufilimu yosangalatsa anthu n'kumagulitsa, ine ndimakuona kukhala kupanda ulemu kwa malemu ndi kwa banja lake.

Mayina nawonso ankasinthidwa. Ku America, The Big Boss inatuluka ndi dzina lakuti Fists of Fury, pamene Fist of Fury yeniyeni inatchedwa The Chinese Connection, moti munthu atha kugula filimu imodzi kawiri kapena kupita kunyumba ndi imene sanaifune. Jackie Chan atatchuka, filimu ina ya mu 1973 imene iye anali chabe mmodzi wa zigawenga inabwereranso pamsika ndi dzina lakuti Rumble in Hong Kong, nkhope yake ili patsogolo.

Kudula m'mbali

Pali chinyengo china chimene wogula amachisankha yekha mosadziwa. Mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, chithunzi cha kanema chinali chofanana kwambiri ndi galasi la TV zakale, magawo 4 mopingasa ndi 3 motsika. Anthu atayamba kukhala kunyumba n'kumaonera TV, Hollywood inayankha ndi chithunzi chotambalala. CinemaScope inayamba ndi The Robe mu 1953, ndipo patapita zaka zochepa muyezo wake unakhazikika pa 2.35 mopingasa kwa 1 motsika. Ben-Hur ya mu 1959 inafika pa 2.76. Chithunzi chotere sichingakwane pa TV yakale popanda kuchita chimodzi mwa ziwiri: kusiya mizere yakuda pamwamba ndi pansi kuti chioneke chonse, kapena kudula m'mbali kuti galasi lidzaze. Podula chithunzi cha 2.35, pafupifupi 43 pa 100 ya chithunzicho imatayika.

Zimbale zodulidwazi ku America zinkalembedwa kuti "full screen", ndipo ogula ambiri ankazisankha poganiza kuti mizere yakuda ija ikuwabisira kanthu. Zoona zake n'zakuti chodzaza galasicho ndicho chinali choperewera. Taganizani za mapeto a The Good, the Bad and the Ugly ya Sergio Leone ya mu 1966, pamene amuna atatu aima motalikirana pabwalo la pakati pa manda, aliyense akuyang'ana anzake awiri. Mphamvu ya chithunzicho ili pa mtunda umene uli pakati pawo. Mukadula m'mbali, mtundawo umapita nawo limodzi.

Zolakwika zoterezi si za makampani ang'onoang'ono okha. Mu Disembala 2002 Universal inatulutsa mafilimu atatu a Back to the Future, ndipo ogula anapeza kuti gawo lachiwiri ndi lachitatu anazidula molakwika pamwamba ndi pansi, moti zinthu zina zofunika pa nkhani zinagwera kunja kwa chithunzi. Kampaniyo inavomera kusinthira anthu zimbale zokonzedwa. Mu 2006 mafilimu atatu oyamba a Star Wars anatuluka pa DVD mmene analili asanasinthidwe, zimene okonda mafilimuwa anapempha kwa zaka zambiri. Koma anatengedwa pa makope a vidiyo a mu 1993 amene anapangidwira zimbale zakale za LaserDisc, ndipo pa TV zotambalala chithunzi chinkaoneka kabokosi pakati, mdima mbali zonse zinayi. MGM nayo inatengeredwa kukhoti ku Los Angeles chifukwa cha mmene zikuto zake zinkafotokozera chithunzi chotambalala. Pa mafilimu amenewo chithunzi cha pachimbale chinali choduliridwa monga chinkaonekera m'nyumba za kanema, koma odandaula anati chikuto chinkapatsa wogula chiyembekezo cha chithunzi chochuluka m'mbali kuposa chimene chinalipo. Kampaniyo sinavomere kulakwa, koma pofika mu 2005 inagwirizana zopereka madola 7 ndi masenti 10 pa chimbale, kapena kusinthitsa ndi china.

Ndiye pali kupanikiza. Chimbale cha DVD chimalowa magigabaiti 4.7, ndipo cha magawo awiri chimalowa 8.5. Kampani yosamala imapatsa filimu imodzi ya maola awiri pafupifupi malo onsewo. Zimbale zija zinadzaza m'misika yathu, zolembedwa kuti muli mafilimu 20 kapena kuposa, zimagawa malo omwewo kwa onse, moti filimu iliyonse imapeza malo osakwana theka la gigabaiti, ochepa kuposa amene inkapeza pa VCD. Anthu akaima n'kumayankhula chithunzi chimapiririka, koma nkhonya zikayamba, kapena pakakhala mvula ndi utsi, chimasweka kukhala timabokosi. Pachikuto pamakhala palembedwa HD kapena Blu-ray, zimene chimbale cha DVD sichingathe kunyamula.

Chimene chimatayika

Ndalama zimene munthu amataya pa chimbale choipa n'zochepa. Chimene chimandipweteka ine n'chakuti woonerayo, makamaka wachinyamata, amachoka ndi chigamulo cholakwika. Amati zakale zinali choncho, makamera awo anali ofooka, ndipo sabwererakonso. Chonsecho negetivu yabwino ya mamilimita 35 ili ndi zambiri kuposa zimene DVD ingaonetse. Okonza mafilimu masiku ano amaiwerenga pa muyezo wa 4K, umene pa TV umakhala ndi timadontho topitirira 8 miliyoni, pamene DVD ya PAL ili ndi tochepera theka la miliyoni. Anthu amene anaonera Lawrence of Arabia m'nyumba ya kanema mu 1962, pa mipukutu ya mamilimita 70, anaona chithunzi chakuthwa kuposa chimene chimbale chilichonse cha DVD chinaperekapo.

Mafilimu a ku Africa ali pangozi yaikulu pa nkhaniyi, chifukwa ambiri ankadziwika kudzera m'matepi okoperana basi, ndipo manegetivu a ambiri a iwo anatsalira m'malabotale a ku Ulaya kumene ankatsukidwira. Touki Bouki ya Djibril Diop Mambéty wa ku Senegal, ya mu 1973, inakonzedwanso mu 2008 ku Bologna, ndipo La Noire de… ya Ousmane Sembène, ya mu 1966, inakonzedwanso mu 2015. Mu 2017 The Film Foundation, UNESCO, bungwe la opanga mafilimu a mu Africa la FEPACI ndi Cineteca di Bologna anagwirizana zofufuza ndi kukonza mafilimu 50 a mu Africa. Koma pali ena amene sangakonzedwe motero. Living in Bondage ya mu 1992, imene ambiri amati ndiyo inatsegula msika wa mafilimu a ku Nigeria, inajambulidwa pa tepi ya vidiyo, ndipo kulibe negetivu yoti munthu abwerereko. Chikuto cholonjeza HD pa filimu yotere chikulonjeza chimene kamera yake sinaone.

Wogula ali ndi zizindikiro zingapo kuseri kwa chikuto. Kampani imene yagwiradi ntchito siibisa: imatchula kuti chithunzi chatengedwa pa negetivu kapena pa kope liti, ntchitoyo inachitikira kuti, chaka chanji, ndi muyezo wa chithunzi monga 1.37, 1.85 kapena 2.35. Kutalika kwa filimu nako kumaulula zambiri. Filimu imajambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi koma PAL imaonetsa 25, choncho filimu ya mphindi 100 imakhala ya mphindi 96 pa chimbale cha PAL popanda kudula kanthu. Kusiyana kukaposa pamenepo n'kutali, ndiye kuti pali zimene zachotsedwa.

Kunena zoona pachikuto n'kotheka ngakhale chithunzi chili chowonongeka. Metropolis ya Fritz Lang inaonetsedwa koyamba ku Berlin mu Januwale 1927, ndipo pasanapite nthawi ofalitsa anaidula kwambiri. Kwa zaka zoposa 80 inkayenda yoperewera, pa matepi ndi zimbale za utali wosiyanasiyana, zina zothamanga kwambiri, zina zoikidwa nyimbo zosagwirizana ndi nkhani. Mu 2008 ku Museo del Cine ku Buenos Aires kunapezeka kope la mamilimita 16 lokhala ndi mphindi pafupifupi 25 zimene anthu ankayesa kuti zinatayika. Linali lokandika koopsa, chifukwa linakoperedwa pa mpukutu wotha popanda kuutsuka. Bungwe la Friedrich Wilhelm Murnau ku Germany linalumikiza zidutswazo ndi mbali zabwino zimene zinalipo kale, n'kuonetsa filimuyo mu Febuluwale 2010. Silinayese kubisa kusiyanako. Filimu isanayambe pamabwera mawu ofotokoza kumene zidutswa zowonongekazo zinachokera, ndipo zikafika woonera amazizindikira ndi mikwingwirima yake. Pamalo ochepa pamene ngakhale kope la ku Argentina silinathandize, anaikapo mawu olembedwa onena zimene zinkachitika pamenepo.